Tambala Wobwera pa Positi

Amayi anga atabwera ku Glasgow kudzandithandiza kulera mwana wanga woyamba, ndinkaganiza kuti vuto lalikulu lidzakhala kuzizira. Ndinawagulira jekete lofika m'mawondo, masokosi aubweya ndi chipewa chobisa makutu, ndipo zonsezo anavala osadandaula. Chimene sindinachiganizire mokwanira n'chakuti m'nyumba momwemo munalinso mkamwini wawo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Manyaziwa amatha pokhapokha mkamwini akapereka kanthu kwa apongozi, kawirikawiri nkhuku yamoyo, apongoziwo n'kulandira. Ife tinakwatirana mothamanga, mapepala aulendo ali kale m'manja, ndiye mwambowu unalowa m'gulu la zinthu zimene tinati tidzachita tikadzapita kumudzi pa holide. Holideyo inkangosunthira kutsogolo chaka ndi chaka.

Kumudzi kuopana n'kosavuta chifukwa tchire lilipo. Ife tinkakhala ku Govanhill, dera lina la mu Glasgow, m'kafulati kapamwamba m'nyumba zakale zamiyala zija, kokhala ndi zipinda ziwiri ndi kakolido kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane osagundana mapewa. Amuna anga, munthu wamtali amene kuntchito kwawo, kunyumba yosamalira okalamba, amacheza ndi azigogo achizungu tsiku lonse pakamwa osauma, anasanduka mlendo m'nyumba yolipira okha lendi. Akafuna kupita kubafa ankayamba atsokomola ali m'chipinda, kuti amayi amve n'kutseka chitseko chawo. Amayi nawo akafuna kutuluka ankayamba kaye kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Tsiku lina chifuwa ndi nyimbo zinayamba nthawi imodzi, zitseko zonse ziwiri n'kutseguka. Amuna anga posowa tchire analowa m'kabati ya mashini otenthetsa madzi, ndipo anakhalamo mpaka amayi atatha kusamba.

Mawu onse ankadutsa mwa ine. Ndikachokapo ankadutsa mwa khanda, lomwe linali lisanayambe n'kukhala komwe.

"Iwe, uwauze bambo ako kuti tiyi wawo akuzizira," ankatero amayi, maso ali pa mwana.

"Uwathokoze agogo ako, uwauze kuti ndadya kale kuntchito," ankayankha amuna anga ali kuseri kwa chitseko, njala ikuwapweteka.

Poyamba ndinkaseka. Kenaka ndinaona kuti amayi ayamba kudya pang'ono, ndipo nthawi yambiri ankangokhala m'chipinda chawo kuti apatse mwininyumba mpata woyenda. M'mawa wina anandifunsa ngati tiketi ya ndege imatheka kusintha tsiku. Anati mkamwini wawo akuonda chifukwa cha iwo, ndipo munthu wamkulu sakhala pamalo pamene akusowetsa anzake mtendere. Tchuthi changa chauchembere chinali pafupi kutha ndipo kuchipatala kumene ndimagwira unamwino ankandidikira, koma si zokhazo ayi. Ndinali nditawasowa amayi anga zaka zonsezi, ndipo sindinkafuna kuti apite.

Tsopano ndinene za matenda a amuna anga. Anthu ena amamwa, ena amabetcha mpira, iwo amagula ndalama. Ndikunena makobidi akale a kwathu, aja anasiya kalekale kugula kanthu: a chimanga, a njovu, a kakowa. Amawasaka pa masamba a pa intaneti pomwe anthu amagulitsana zinthu zakale, ndipo khobidi likafika amaligwira m'mbali mokha ngati mbale yotentha, n'kuliika m'kachikwama kapulasitiki. Ine ndinakulira m'nyumba yoti makobidi oterewa tinkayalira pansi pa mwendo wa tebulo likamagwedera, ndiye ndimangowayang'ana. Limene linkawasowa linali la wani tambala, lofiirira lija, lokhala ndi chithunzi cha tambala weniweni. Ankafuna losakwalika konse, ndipo analisaka nthawi yaitali moti anafika pomalitchula ngati munthu.

M'mawa wina ndili kukhitchini analowa foni ili m'manja, nkhope ikuwala. Amayi anali pabalaza ndi mwana, chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Tambala uja ndamupeza," anatero. "Ndalipira kale, afika sabata yamawa pa positi."

"Akuchokera kuti?"

"Kwa mzungu wina kunja kwa dziko lino. Ndi wakale, koma wosungidwa bwino. Nthenga za kumchira zonse zikuoneka. Chandinyansa ndi msonkho basi. Pa mtengo analemba zina, pofika polipira awonjezapo VAT. Munthu kulipira msonkho pogula tambala wa kwathu komwe?"

Ndinawauza kuti angokhala chete, poti palibe anawatuma. Kenaka tinamva amayi akuimba pabalaza, ndipo sinali nyimbo yopempha njira ya kubafa. Amuna anga atapita kuntchito, amayi anandiitana n'kundiuza kuti nditseke chitseko, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina aliyense.

"Ndamva," anatero monong'ona. "Koma usawauze kuti ndamva, angachite manyazi. Ine ndimayesa bambo a mwanayu anaiwala mwambo, kani amasakasaka tambala woyenera. Mpaka kukamupeza kunja."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole, koma ndinaona maso awo. Chibwerereni ndinali ndisanawaone choncho. Tsiku limenelo anadya n'kuwonjezera, anatsuka makatani amene sanade, ndipo za tiketi sanatchulenso. Ndinatseka pakamwa panga.

Amuna anga ndinawauza madzulo ake tikukankha kangolo ka mwana ku paki. Anaima pakati pa njira moti mayi wina woyendetsa galu anachita kutizungulira.

"Mukawauze kuti ndi khobidi," anatero.

"Mukawauze ndinu. Tambalayo ndi wanu."

"Ine ndilankhula nawo bwanji?"

"Muuzeni mwanayu, awauza."

Sanaseke. Tinazungulira pakiyo mvula yowaza ija ikutinyowetsa, ndipo tinagwirizana chimodzi: khobidi lisanafike, tipeze tambala wamoyo.

Koma nkhani ya msonkho sanaisiye. Amuna anga akaona kuti aberedwa sagona nazo, ngakhale nyumba ikupsa. Analembera eni tsamba lija kuwafunsa kuti ndi liti pamene ndalama inayamba kulipira msonkho. Mfundo yawo inali yakuti iwo sanagule katundu, anangosintha ndalama, mapaundi kupita ku matambala, monga amachitira aliyense wopita kumudzi. Anawayankha mwaulemu kuti khobidi logulidwa kuti lisungidwe ndi katundu ngati wina aliyense, ndipo poti wogulitsa ali kunja, tsambalo limatolera msonkho pomwepo polipira. Analembanso kachiwiri, kufotokoza kuti chinthu chimenechi kwathu ngakhale mwana sangachitole pansi. Anawayankha kuti ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani iwo achigula pa mtengo umenewo. Funso limeneli ine ndinali nditawafunsa kale kwaulere.

Chimene chinandiseketsa kwambiri n'chakuti kuno nkhuku yosaphika ya m'sitolo ilibe msonkho umenewu, poti ndi chakudya. Tambala wodya bwenzi atalowa m'nyumba mwathu boma osatengapo kanthu. Wosadya ndi amene analipitsa.

Amayi ankamva madandaulo onsewa kudzera m'khoma, ndipo tsiku lina anaona kuti alowererepo. Ananyamula mwana n'kuima pafupi ndi chitseko cha kukhitchini.

"Uwauze bambo ako kuti za msonkhozo asadandaule," anatero. "Ngakhale pamsika wa kwathu, wobwera ndi nkhuku amadulitsa tiketi. Nanga kuno kwa azungu angalowe ulere? Komanso tambala wolipiriridwa msonkho ku boma ndi wolongosoka, sangakhale wachitopa."

Amuna anga anayang'ana kudenga. "Uwauze agogo ako kuti ndamva," anayankha ndi mawu a munthu wodwala.

Lamlungu lake nkhani inafika kutchalitchi. Timapemphera ndi Amalawi anzathu angapo mumpingo wina wa chipresibiteriyani, ndipo mapemphero akatha timamwa tiyi m'holo. Ndinangoona amayi azunguliridwa ndi azimayi, manja akuonetsa msinkhu wa tambala amene anali asanamuone. Pofika nthawi yotsuka makapu, tambalayo anali atakula kufika m'chiuno. Mayi wina amene amagwira ntchito ndi ine anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndidzamusungire ntchafu imodzi yokha, akuti watopa ndi nkhuku za kuno zofewa ngati buledi wonyowa. Bambo wina wachikulire anagwira amuna anga dzanja nthawi yaitali, kuwayamikira kuti achinyamata osunga mwambo atsala ochepa. Amayi anali ataimbiranso kale achemwali awo kumudzi.

Kusaka tambala wamoyo mu Glasgow ndi ntchito imene sindingaifunire mdani wanga. Amuna anga anayenda mabutchala onse a ku Govanhill. Kulikonse ankawatulutsira nkhuku zolimba zija za m'firiji, zopanda mutu, zouma gwa ngati mwala. Akanena kuti akufuna yoyenda yokha, ogulitsa ankawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mnzawo wina wa kuntchito anawapatsa nambala ya mlimi wa kunja kwa mzinda amene amaweta nkhuku. Mlimiyo anavomera mokondwa, mpaka anafunsa ngati tili ndi bwalo lokwanira ndiponso ngati tambalayo akapeze anzake. Amuna anga, poti anakulira m'Sande sukulu, ananena zoona zokhazokha za tsogolo la tambalayo. Mlimiyo anati atambala ake onse ali ndi mayina, n'kudula foni.

Kunena zoona, ngakhale akanatigulitsa sindikudziwa kuti tikanakwera naye bwanji basi. Sindikudziwanso kuti tikanamuuza chiyani mneba wathu wapansi, mayi amene ankagogoda pakhomo munthu akangoponya botolo m'bini yolakwika.

Amayi anali atakonzeka. Anapempha katoni kusitolo ya pakona, anayalamo manyuzipepala n'kuiika m'bafa, pambali pake kambale ka mpunga ndi kena ka madzi. Anati mlendo wochokera kutali amayamba wapuma. M'mawa uliwonse ankaima pawindo kudikira wa positi, ndipo ankadabwa kuti munthuyo akungonyamula chikwama wamba chopanda mabowo opumira.

Tsiku limene tambalayo anafika, amuna anga anali pa ofu. Tinamva kachitseko ka makalata kakulira, kanthu n'kugwera pansi. Kanali kaenvelopu kofiirira, kochepa kuposa chikhatho changa. Amuna anga anakatola n'kulowa nako kuchipinda, ine pambuyo. Anakhala pabedi n'kutulutsa khobidi lija. Linali lokongoladi, lowala ngati lapangidwa dzulo, tambala wake ataimika khosi. Munthu amene analisaka nthawi yonseyi analiyang'ana ngati samani ya kukhoti.

"Tingonena kuti wafera m'njira," ndinatero.

"Ayi," anayankha. "Mayi aja adya masiku onsewa chifukwa cha bodza limene sitinanene n'komwe. Lachiwiri ndiye tichite kunena ndi pakamwa? Ndipatseni mbale ziwiri."

Anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anaika khobidi, lili m'kachikwama kake kapulasitiki, m'mbale imodzi, inayo n'kuvundikira pamwamba, monga timaperekera chakudya kwa munthu wolemekezeka. Kenaka anayenda kakolido kaja osatsokomola, anafika pakhomo la pabalaza n'kugwada. Amayi atawaona anatembenukira kukhoma msangamsanga, n'kukonza chitenje chawo.

"Muwauze amayi kuti tambala wafika," anatero amuna anga kwa ine.

"Akuti tambala wafika," ndinatero, ngakhale panalibe amene sanamve.

Amayi anatchera khutu cha kubafa. Kunali zii. Anayang'ana mbale zija m'mbali mwa diso, ndipo ndinaona akuwerengera mumtima ngati tambala, ngakhale wophika, angakwane mmenemo. Ndinatenga mbalezo m'manja mwa amuna anga, ndinagwada pafupi ndi amayi n'kuvundukula.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga magalasi awo, anavala, n'kuyang'ananso. Kenaka anatola kachikwama kapulasitiki kaja, anakang'amba ndi mano, khobidi n'kugwera m'dzanja lawo. Ndinamva amuna anga akubuula pang'ono pakhomo paja, poti zala za munthu zinali zisanalikhudzepo chipangidwireni.

"Uyu ndi amene walipiriridwa msonkho uja?" anandifunsa.

"Ndi yemweyo, amayi."

"Wochokera kunja uja?"

"Eya."

"Nanga mpunga uja adya ndani?"

Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinkaganiza kuti akuseka, mwina ankasekadi poyamba. Koma kenaka anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo anati ndi mawu otsika, "Ine ndauza anthu. Mpaka kumudzi ndauza." Apa ndinadziwa kuti zatha. Ndinayamba kale kuganiza za ndege, za sutikesi yawo ili pamwamba pa kabati, za m'mawa umene ndidzadzuke m'nyumbamo mulibe nyimbo. Ndinadzimvera chisoni, ndipo iwo ndinawamvera chisoni koposa.

Ndiye amuna anga anaiwala mwambo. Sanayang'ane ine, sanayang'ane mwana.

"Amayi, pepani," anatero. "Khobidili ndinagulira mdzukulu wanuyu, kuti akadzakula adzaone ndalama ya kwawo. Nditamva kuti mukudikira wamoyo ndamusaka mzinda wonse, ndalephera. Ndinayenera kuchita zimenezi kalekale tisanabwere kuno. Chimene ndili nacho ndi chomwechi. Musapite, amayi. Nyumba ino ndi yanu."

Anali mawu oyamba amene anawalankhula kwa apongozi awo chikwatiraneni ife. Atazindikira zimene achita anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Amayi anatembenuzatembenuza khobidi lija m'dzanja lawo. Kenaka anakoka nsonga ya chitenje chawo, anaika khobidi pamenepo, anakulunga n'kumanga mfundo yolimba, n'kuikokanso ndi mano. Kwathu mayi akamanga chinthu pansonga ya chitenje ndiye kuti chalandiridwa, ndipo sichibwereranso. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chimwemwe cha mkamwini ndi maliro a munthu wosunga makobidi.

"Mwambo umati tambala," anatero amayi, akuyang'anabe mfundo ija. "Sunanene kuti wolira. Azimayi a kutchalitchi aja ndithana nawo ndekha. Iwe, za tiketi zija uzisiye mmene zilili."

Kenaka anatembenuka pampando, pang'onopang'ono ngati munthu amene khosi lauma, n'kuwayang'ana amuna anga kumaso.

"Dzukani, bambo. Khalani pampando apa. Kani ndinu otalika chonchi."

Amuna anga anadzuka n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, manja ali pamawondo. Ine ndinkadikira kuti amayi ayambe kuwazazira za kuononga ndalama, ndipo ndinali wokonzeka kuthandizira. Koma amayi anali ndi nkhani ina. Mayi awo a amuna anga anamwalira tangofika kumene kuno, mapepala athu okhalira kuno asanalongosoke, ndipo mwana wawo sanathe kupita kukaika maliro. Anangomva pafoni kuti mwambo wayenda bwino. Chiyambireni sankaitchula nkhaniyi, ngakhale kwa ine.

"Pa maliro a mayi anu ine ndinalipo," anatero amayi. "Ndinagona nawo kusiwa, ndinathandiza kuwasambitsa, ndipo nsalu imene anavala ndinasankha ndine. Pepani kwambiri, bambo. Zaka zonsezi ndakhala nazo, ndimasowa podutsira. Si nkhani yotuma khanda. Khalani bwino ndikuuzeni mmene tinawaperekezera."

Amuna anga anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona dontho likugwera pa jekete lawo la kutchalitchi. Ndinanyamula mwana n'kupita naye kukhitchini, ndinatseka chitseko, n'kuwasiya akulankhula.